Konzani nyali za galimoto zanu musanaphe munthu

Ndakwiya ndipo sindibisa. Dzulo usiku ndimachokera ku Dedza pa Sienta ya matola. Titangodutsa pa Nathenje, m'mbali mwa msewu munali bambo akukankha njinga ya matumba a makala. Ine ndinakhala kutsogolo, maso anga ali bwinobwino, koma bamboyo ndinamuona titatsala pang'ono kumuwomba. Dalaivala anakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi, mayi wina kumbuyo anakuwa kuti "Mayo ine!", mwana amene anali pamiyendo pake anamenyetsa mutu pampando. Bambo uja anagwera m'tchire pamodzi ndi makala ake. M'malo moima kuti aone ngati munthu wavulala, dalaivala anatsitsa galasi n'kuyamba kutukwana kuti anthu a njinga sakonda moyo wawo.

Titafika mu Lilongwe ndinazungulira kutsogolo kukaona nyali. Zachikasu, zothimbirira, zokhakhala ukazikhudza ndi chala, babu mkatimo osaoneka n'komwe. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, msewu mumauona bwanji ndi nyali zimenezi?" Yankho lake ndi limene landisowetsa tulo. Akuti mababu ndi ofooka, akapeza ndalama agula a LED.

Vuto si babu, abale. Ndibwereze, vuto si babu. Vuto ndi pulasitiki wa kutsogolo kwa nyaliyo amene wachita ng'ala. Munthu wa ng'ala ngakhale umuyatsire magetsi a nyumba yonse saona, mpaka ng'alayo ichotsedwe. Kuwala kulipo, babu ikuyaka, koma kukuthera pa pulasitiki wothimbirirayo, kumwazikira m'mwamba ndi m'mbali, pamsewu n'kufikapo kambee chabe. Ndiye iwe ukuthamanga liwiro la masana ndi maso a munthu amene sakuona kupitirira mamita ochepa. Kumeneko si kuyendetsa galimoto, n'kuyesa mwayi ndi moyo wa anthu ena.

Chimayambitsa n'chodziwika: nyali za masiku ano si galasi ngati za Peugeot 504 zakale zija, ndi pulasitiki wotchedwa polycarbonate, ndipo dzuwa likadya kachikopa kotetezera kamene amapaka ku fakitale, pulasitikiyo amapsa n'kusanduka wachikasu. Basi. Galimoto zathu zambiri zimabwera zitayenda kale zaka ku Japan, zifike pa Dar es Salaam, zidzakhale padzuwa la kuno tsiku lonse popanda mthunzi. Vitz, Passo, Sienta, Probox, Honda Fit, yang'anani pamalo oimikapo galimoto paliponse muwerenge nokha kuti ndi zingati zimene nyali zake zili zoyera.

Bungwe la eni galimoto la ku America, AAA, linayeza nkhaniyi mu 2018. Linapeza kuti nyali yothimbirira imatulutsa kuwala kongokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kuwala kwa nyali yatsopano. Gawo limodzi mwa magawo 5! Magawo 4 enawo atayika, ndipo ndi magawo amene akanakuonetsa mwana akudumpha msewu, ngolo yopanda chonyezimira, mbuzi, kapena lole yofa imene angoiyikira masamba kumbuyo. Kumeneko n'ku America kumene misewu yambiri ya m'tauni ili ndi magetsi. Nanga kuno pa M1, pamene ukachoka m'tauni ndi mdima wokhawokha, anthu akuyenda pansi m'mphepete mwa phula atavala zakuda, akabaza ali mbali zonse?

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti iyi ndi ntchito ya masana amodzi, pakhomo pako, ndi manja ako. Sizifuna makaniko, sizifuna galaja. Tsuka nyaliyo ndi sopo, iume. Mata tepi m'mbali monse kuti usakande penti ya galimoto. Gula sandipepa wa madzi, uja amagwiritsa ntchito anthu opopera penti, wa manambala osiyana: 800 kapena 1000 woyambira, kenaka 1500, kenaka 2000, ukapeza wa 3000 ndiye bwino kwambiri. Umunyike m'madzi, ndipo nyaliyo izikhala yonyowa nthawi yonse imene ukukwecha. Ukayamba ndi wokhakhala uja udzaona madzi achikasu akuyenderera pa bampala. Ndiwo uve umene umakubisira msewu. Pitiriza mpaka madziwo asanduke oyera ngati mkaka. Nambala yoyamba kwecha chopingasa, yotsatira choimirira, kuti yachiwiri ifafanize mizere ya yoyamba.

Apa ndi pamene ambiri amathawira. Ukamaliza ndi sandipepa woyamba nyaliyo imaoneka yoipa kuposa poyamba, yambuu, ndipo mtima umagunda kuti ndawononga. Sunawononge. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Osadumpha nambala, osathamanga. Ukafika pa 2000 kapena 3000 imayamba kusalala, ukapaka polishi wa galimoto uja amati rubbing compound n'kupukuta mwamphamvu ndi kansalu kofewa, babu imayamba kuoneka mkati muja bwinobwino.

Koma usalekere pomwepo. Wachotsa kachikopa kakufa kaja, tsopano pulasitiki ali pamtunda, dzuwa limudya msanga kuposa kale. Uyenera kupoperapo clear coat woteteza ku dzuwa, wolembedwa kuti UV pachitini. Popera pamthunzi, popanda fumbi, mopyapyala kangapo, n'kuisiya iume osaikhudza. Ukapanda kutero, pakangopita miyezi ingapo chikasu chabwerera, ndiye uziti njirayi ndi yabodza. Njira si yabodza, unaisiyira panjira ndiwe. A AAA omwewo anapeza kuti nyali yokonzedwa motere imabwezeretsa kuwala mpaka pafupifupi 70 peresenti. Si yatsopano ayi, koma kuchoka pa gawo limodzi mwa magawo 5 kufika pamenepo, ndiko kusiyana kwa kumuona munthu ali patali ndi kumumva ali pansi pa galimoto.

Ndipo chonde tisiye zachidule zimene tikuuzana m'magulu a WhatsApp. Colgate amayeretsako pang'ono chifukwa ali ndi timchenga tosalala, koma nyali imene yapsa kwenikweni saithandiza, mawa lake mwabwerera pomwe munali. Mafuta ophikira kapena WD-40, mafuta opopera aja omasulira zitsulo za dzimbiri, amangonyezimiritsa pamwamba, mvula imodzi zatha. Ena akupaka brake fluid, mafuta a mabuleki aja, chinthu chimene chimadya penti ya galimoto chikangodontherapo. Ena akupopera mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, aja ali ndi DEET, osadziwa kuti akuoneka ngati ayeretsa chifukwa akusungunula pulasitikiyo. Munthu akulipiritsa ndalama pamalo otsukira galimoto, nyali iwale tsiku limodzi, iwe uchoke ukusekerera. Wagula chiyani pamenepo? Kuwala kwa pa chithunzi, pamsewu mdima uli pomwepo.

Ngati nyali ili ndi nthunzi kapena madontho a madzi mkati, imeneyo ndi nkhani ina, pali pamene pakulowa madzi ndipo sandipepa sangathandize. Ngati yang'aluka, sinthani. Koma zambiri zimene ndikuziona m'misewu muno zangopsa kunja kokha, zikungofuna munthu woti akhale pansi ndi beseni la madzi.

Musandiuze za ndalama. Sandipepa mapepala anayi ndi chitini chimodzi sizingafanane ndi mtengo wa marimu onyezimira amene mwaika, tinti yakuda bii m'magalasi, masipika ogwedeza mudzi wonse. Galimoto imatsukidwa Loweruka lililonse, matayala kupakidwa polishi, dashibodi kununkhira, koma maso a galimotoyo palibe amene akuwayang'ana. Walira mvula walira matope. Unafuna galimoto, landira ndi udindo wake womwe. Makamaka inu amene mumanyamula anthu, a matola, a minibasi, a taxi. Anthu akulipirani kuti muwafikitse kwawo amoyo. Mukanyamuka madzulo ndi nyali zachikasu mukudziwa kuti simuona bwino, ndipo mukudziwa. Palibe dalaivala amene sadziwa kuti nyali zake zafooka. Amadziwa, n'chifukwa chake amaweramira pa chiwongolero, nkhope pafupi ndi galasi, maso atatong'ola.

Ndipo tsiku limene mudzagunde munthu mudzati chiyani? Anatulukira mwadzidzidzi. Anavala zakuda. Njinga yake inalibe chonyezimira. Inde, a njinga nawo ali ndi zolakwa zawo, koma amene wanyamula chitsulo cholemera kuposa tani imodzi ndiwe, amene uli ndi nyali ndiwe, amene lamulo likuti uziona kutsogolo ndiwe. Munthu woyenda pansi sangakonze nyali zako. Mayi wochokera kuchigayo ndi thumba pamutu sangakonze nyali zako. Mwana wa sukulu amene wachedwa kuweruka sangakonze nyali zako. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene akuyenda m'mbali mwa msewu usiku uno akhoza kukhala mayi ako, ndipo kumbuyo kwawo kukubwera galimoto ya nyali ngati zakozo.

Tsono za a LED aja. Munthu nyali zathimbirira, m'malo moyeretsa akukagula mababu oyera mbee, amphamvu, n'kuwalowetsa m'nyali imene inapangidwira babu wamba ya halogen. Kuwalako sikulunjika pamsewu, kukumwazikira paliponse, pulasitiki wothimbirira uja n'kukumwazanso kawiri. Iye sakuonabe bwino, koma ife obwera kutsogolo watithobwa m'maso. Kwa masekondi angapo suona kanthu, ndipo m'masekondi amenewo ndi mmene muli munthu wa njinga kumanzere kwako. Ena chifukwa dimu yawo, kuwala kotsika kuja, ndi yakufa amangoyenda pa fulu, kuwala koponya patali kuja, kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Blantyre. Umuphethirire kuti adime, sadima, chifukwa akadima saona chilichonse. Ena awonjezera chimzere cha magetsi pa bampala, chija chimayenera kugwira ntchito m'tchire, akuchiyatsa m'tauni pakati pa anthu.

Nanga awa a diso limodzi? Nyali imodzi inafa kalekale, inayo yachikasu, iwe ukuona ngati kukubwera njinga yamoto, pafupi pomwe ndi pamene ukuzindikira kuti ndi lole ya matani atatu yadzaza anthu ochokera kumsika. Babu imodzi! Galimoto yotere imadutsa bwanji pa marodibuloko onsewa usiku ndi usiku, ndipo pepala loti ili bwino kuyenda pamsewu inalipeza bwanji?