Chingerezi cha pa foni chanditopetsa

Pulogalamu yophunzitsa Chingerezi ija imati ujambule yankho lako pamalo opanda phokoso. Ku Kapata kuno malo otere uwapeza kuti? Ukangodina batani, tambala wa aneba walira, mwana akufuna nsima, wa njinga akuliza belu pamsewu. Basi foni yalemba kuti sinakumve, bwerezanso. Mabandulo akungotha, anthuni!

Chondiwawa kwambiri n'chakuti makinawo amafuna uzilankhula ngati wobadwira ku London. Ife L ndi R timangosakaniza chibadwire, aphunzitsi kusukulu amatimva bwinobwino, koma apa akuti walakwa. Mng'ono wanga amachita kudzitsekera m'bafa usiku kuti ajambule, udzudzu ukumudya. Akamaliza bwino, netiweki yathawa yankho lisanapite.