Mlandu wa Senzo si mpira, ana inu

Zimene ndinaona Loweruka pa Kamuzu Road zandisowetsa mtendere. Ndinalowa pometera tsitsi, nkupeza anyamata ataunjikana pa foni imodzi, akuonera tizidutswa ta mlandu wa Senzo Meyiwa. Mboni ikuchita chibwibwi loya atayipanikiza, iwo ali gwa pansi ndi phwete. Awiri anali atabetcherana K5,000 kuti Kelly Khumalo, woimba amene anali chibwenzi cha Senzo, adzalowa m'ndende kapena ayi, ndalama atasungitsa kwa wometayo. Naye wometa makina anangowaimika pamutu panga, mbali imodzi yometa ina ayi, maso ali pa foni. Kodi mitu yanu ikukoka bwino?

Munthu anafa, ana inu. Senzo, goloboyi wa Orlando Pirates, kaputeni wa Bafana Bafana, timu ya dziko la South Africa, anawomberedwa pa 26 October 2014 m'nyumba ina ku Vosloorus. Anasiya ana. Bambo ake, a Sam Meyiwa, anamwalira mu 2019 asanamve kuti anapha mwana wawo ndani. Apolisi a ku South Africa ndi zida zawo zonse anatha zaka 6 asanatengere anthu asanu kukhoti. Mlandu unayamba kuzengedwa ku Pretoria mu 2022, nkudzayambikanso mu 2023 pamaso pa woweruza wina, a Ratha Mokgoatlheng. Koma inu a pa Salima pano, ndi bandulo ya K500, mwaugamula kale. Munaliko? Mfuti munaiona? Kelly amene mukumutukwanayo sanali n'komwe pa anthu asanu aja, koma pa WhatsApp mwamumanga kale maunyolo, mwamutchula hule, mwamutchula mfiti, ena mpaka kunena mwana wake wosalakwa.

Mwaiwala kuti Senzo atangofa apolisi anagwira munthu wina, dzina lake n'kufalikira paliponse, mwezi wotsatira n'kumumasula poti umboni panalibe. Akanakhala kuti anagwidwa kuno, pa Kamuzu Road pomwe pano, akanafika kupolisi ali moyo? Mateyala akanachedwa?

Atolankhani nanu musabisale kumbuyo kwa anyamatawa, chifukwa mwawaphunzitsa ndinu. Mu 2014 kanema wa DStv anatsegula tchanelo chonse cha mlandu wa Oscar Pistorius, wothamanga wa ku South Africa amene anawombera chibwenzi chake Reeva Steenkamp, usiku ndi usana, anthu n'kumadyera nsima akuonera zitseko zobowoka ndi zipolopolo. Woweruza Thokozile Masipa anachita kuletsa kuti umboni wa dokotala amene anapima mtembo wa Reeva Steenkamp usaulutsidwe pompopompo. Pa mlandu wa Senzo, mu 2022, atolankhani ena anathamangitsa mboni ndi makamera pakhoti mpaka woweruza anakalipa. Mboni yothamangitsidwa chonchi mawa idzabweranso kudzanena zoona? Wina amene anaona kanthu adzadziulula?

Ndipo a Masipa aja, munthu wophunzira malamulo, anagamula kuti Oscar anapha mosafuna. Khoti la apilo mu December 2015 linati ayi, ndi mlandu wakupha. Oweruza okhaokha, mabuku ali patsogolo, anasiyana maganizo. Ndiye iwe, mwana wa dzulodzuloli, kavidiyo ka masekondi 40 ka pa TikTok kakupatsa nzeru zoposa onsewo?

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti khalidweli silikuthera ku Joni, lalowa m'makomo mwathu. Masamba a nkhani a pa Facebook aja, amene mwini wake sadziwika, angomva kuti kunyanja kwavuuka mtembo, chithunzi chili pa intaneti achibale asanauzidwe. Mayi amve za imfa ya mwana wake pa gulu la WhatsApp la banki m'khonde, zoona? Mwambo uja wotuma akuluakulu kukanena zovuta mofatsa munautaya kuti? Ndamva za mnyamata wina wa kabaza cha ku Khombedza amene chithunzi chake chinazungulira mafoni onse, pansi pake atalemba kuti "wakupha uja ndi uyu, gawani." Anagawadi, ngakhale amayi a mvano anagawa. Apolisi anamufunsa n'kumusiya, koma lero ndani akukwera njinga yake? Amene munagawa uja, alipo anapita kukapepesa kwa make? Pa wayilesi nakonso, pologalamu yoimba foni, munthu akutchula dzina la woganiziridwa, mudzi wake, mfumu yake, muulutsi ali "eya, pitirizani bambo."

Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 42, amati munthu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Lilipo lamulo la 2016 lokhudza zochita pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo nalo chifukwa cha zolemba zawo. Musadzati sitinanene. Mphekesera zimapha, tinaona mu 2017 nkhani ya anamapopa itabuka ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anaphedwa popanda anaona dontho la magazi opopedwa. Nthawi imeneyo mafoni anali ochepa. Lero mwana wa sitandade 6 ali nayo.

Makolo nanunso, mwana wanu akuonera zithunzi za mitembo pa foni yanu, inu muli pambali kufunsa kuti "ndiye loya uja wati chiyani lero?" Akulu ampingo, aphunzitsi, anthu aimvi ngati ine, muli m'magulu momwemo kutumiza tizithunzi toseka pansi pa nkhani ya maliro. Chaona mnzako chapita. Tsiku lina chidzakhala chithunzi cha mwana wanu chikuyenda m'mafoni, anthu akubetcherana kuti apatsidwa zaka zingati.

Chotsani zithunzizo m'mafoni mwanu, ndipo mutseke pakamwapo. Manyazi mulibe?