Amayi anga ndi sitima ya 12 koloko

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti filimu ya makauboyi si yoonera limodzi ndi kholo lokalamba, makamaka amayi anga amene Chingerezi samva ndiponso amadana ndi kulira kwa mfuti. Maganizo amenewa ndinawasiya mwezi watha, pamene anabwera kudzakhala kwathu masabata atatu akudikira tsiku lawo la kuchipatala cha maso. Nthawi yamadzulo inkawatalikira, ndipo mafilimu amene ana amaonera ankawachititsa chizungulire chifukwa chithunzi chimasintha munthu asanazindikire nkhope.

Ndinawaikira High Noon, filimu ya mu 1952 imene ndimaikonda kuyambira ndili mnyamata. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera ndipo imatenga mphindi 85 zokha. Gary Cooper amasewera ngati Will Kane, wosungitsa chitetezo m'tauni ya Hadleyville, amene pa tsiku la ukwati wake akumva kuti Frank Miller, chigawenga chimene iye anamangitsa, chamasulidwa ndipo chikufika pa sitima ya 12 koloko masana. Nthawi ya m'filimumo imayenda pafupifupi mofanana ndi ya woonera, ndipo kamera imabwererabwerera pa mawotchi a pakhoma. Kuyenda pang'onopang'ono kumeneku, kumene achinyamata amati n'kotopetsa, ndi kumene kunapatsa maso a amayi mpata woona aliyense bwinobwino, ine n'kupezanso danga lowamasulira mawu.

Funso lawo loyamba linali lakuti, "Kodi mtsikanayo ndi mkazi wake kapena mwana wake?" Sanalakwitse kudabwa, pakuti Cooper anabadwa mu 1901 pamene Grace Kelly, amene amasewera ngati mkwatibwi wake Amy, anabadwa mu 1929. Ine ndinali nditaonera filimuyi kambirimbiri osalabadira zimenezo.

Pamene Kane analowa m'tchalitchi kukapempha thandizo, anthu n'kuyamba kukangana mpaka kumusiya yekha, amayi anatsitsa kapu ya tiyi n'kundiuza kuti ndiimitse kaye. Anandifotokozera za chaka chimene abambo anadwala nthawi yaitali, momwe anthu amene ankadya pakhomo pathu anayamba kulambalala njira, ndiponso za mayi mmodzi wa kutsidya kwa dambo amene ankabwera ndi nkhuni popanda womutuma. Ndinali wamng'ono nthawi imeneyo, ndipo nkhaniyi sanandiuzepo. Filimu inaima kwa theka la ola.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi anzanga amene amati kuonera filimu ndi okalamba n'kudzivutitsa chifukwa amadula nkhani pafupipafupi. Ine ndikuona kuti amene amalakwitsa ndi ife, chifukwa timafuna kuti aone zimene ifeyo timaona. Kwa ine filimuyi inali ya mwamuna wolimba mtima woyenda yekha mumsewu wafumbi. Amayi sanatekeseke naye kwenikweni, ndipo ananena kuti ndi wamakani ngati malume awo ena. Mtima wawo unali pa Amy, mkwatibwi amene bambo ake ndi mlongo wake anafa ndi mfuti, n'chifukwa chake analowa mpingo wa Quaker umene umakana chiwawa. Atamuona akukwera sitima kuti amusiye mwamuna wake anapukusa mutu, koma sanamuweruze. Atamva mfuti n'kutsika kuthamangira m'tauni, amayi anasendera kutsogolo kwa mpando, chitenje chili m'manja, ndipo pamene Amy anawombera mmodzi wa zigawenga za Miller anangoti, "Mwana uyu sagona tulo lero."

Kumapeto Kane anavula nyenyezi ya pachifuwa, chizindikiro cha udindo wake, n'kuiponya m'fumbi pamaso pa anthu onse amene anamukana. Ndinayamba kuwafotokozera tanthauzo lake koma anandiletsa ndi dzanja, n'kunena kuti zimenezo amva okha. Kenako anafunsa ngati tingaibwereze akadzachotsa ng'ala ya diso lakumanzere, chifukwa nkhope ya Katy Jurado, mayi wa ku Mexico amene alinso mufilimuyi, sanaione bwino.