Chikhulupiriro cha Mitt Romney chinaonekera pa lumbiro lake

Pamene Mitt Romney ankafuna upulezidenti wa dziko la America, anthu ambiri ankaopa kuti munthu wa mpingo wa Mormon azidzalandira malangizo kuchokera kwa akuluakulu a mpingo wake ku Salt Lake City. Mantha amenewa ndi omwe anagweranso John F. Kennedy mu 1960 chifukwa chokhala Mkatolika. Mu Disembala 2007, polankhula ku Texas, Romney ananena kuti palibe mkulu wa mpingo aliyense amene adzalowerere pa zochita zake ngati pulezidenti, ndipo ine ndimamukhulupirira pa mfundoyi. Harry Reid, amene anatsogolera chipani cha Democrat m'nyumba ya malamulo ya Senate kuyambira 2007 mpaka 2015 pamene chinali ndi aphungu ochuluka, anali wa mpingo womwewo, koma iye ndi Romney, wa chipani cha Republican, ankatsutsana kwambiri pa nkhani za ndale. Mpingo ukanakhala kuti umauza anthu ake zochita m'boma, awiriwa akanayenda njira imodzi.

Chimene chimandikhudza ine ndi mmene mpingowu umaumbira munthu asanalowe ndale. Mpingowu, umene dzina lake lenileni ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, sulipira atsogoleri ake a m'madera. Bishopu amakhala munthu wamba amene ali ndi ntchito yake, ndipo madzulo ndi Lamlungu amakhala pansi ndi banja limene lalephera kulipira lendi, mayi amene mwamuna wamuthawa kapena mnyamata amene wachotsedwa ntchito, n'kusaina chikalata choti akalandire chakudya ku nkhokwe ya mpingo. Thandizolo limachokera ku zopereka zimene akhristu amapereka akasala kudya kamodzi pa mwezi. Romney anagwira ntchito imeneyi kufupi ndi Boston m'zaka za m'ma 1980, atatumikira kale ngati mmishonale ku France kuyambira 1966 mpaka 1968. N'chifukwa chake sindidabwa kuti ali bwanamkubwa wa Massachusetts anasaina lamulo la 2006 lothandiza kuti pafupifupi aliyense akhale ndi inshuwalansi ya zaumoyo.

Komabe munthu yemweyo anajambulidwa mobisa mu 2012 akuuza anthu olemera ku Florida kuti anthu 47 pa 100 alionse amadalira boma, ndipo si udindo wake kuwadera nkhawa. Mawuwo anandipweteka chifukwa anachokera kwa munthu amene anamvapo madandaulo a osauka maso ndi maso. Chaka chomwecho Barack Obama anamugonjetsa pa chisankho cha pulezidenti.

Mphamvu ya chikhulupiriro chake inadzaoneka pa 5 Febuluwale 2020, ali senata wa Utah. Senate inkaweruza pulezidenti Donald Trump pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika, ndipo Romney yekha mwa aphungu onse a Republican anavota kuti Trump ndi wolakwa. Aka kanali koyamba m'mbiri ya dzikolo kuti senata avote zochotsa pulezidenti wa chipani chake. Iye anafotokoza kuti analumbira pamaso pa Mulungu kuti adzaweruza mopanda kukondera, ndipo sakanatha kuphwanya lumbirolo pofuna kusangalatsa chipani. Ankadziwa kuti voti yakeyo sisintha zotsatira, ankadziwanso kuti anzake amunyoza, ndipo anamunyozadi. Mtsogoleri amene amaopa lumbiro koposa kutaya mpando ndi amene ndingamukhulupirire ndi chuma cha boma, ngakhale chiphunzitso cha mpingo wake sindigwirizana nacho.

Pali nkhani ina imene ife anthu akuda sitingailumphe. Mpaka mu Juni 1978, mpingowu sunkalola amuna akuda kulandira unsembe, ndipo nthawi imene lamuloli linkachotsedwa Romney anali ndi zaka 31. Iye ananenapo kuti atamva za kusinthako ali m'galimoto, anaima pambali pa msewu n'kulira. Ndikukhulupirira kuti misoziyo inali yochokera pansi pa mtima, makamaka poganizira kuti bambo ake, George Romney, ankalimbikitsa ufulu wa anthu akuda ali bwanamkubwa wa Michigan. Koma atafunsidwa pa wailesi ya kanema mu 2007 ngati mpingo unalakwitsa, iye anazemba kuyankha mwachindunji, ndipo munthu wofuna kutsogolera dziko lokhala ndi anthu akuda mamiliyoni ambiri anayenera kunena poyera kuti tsankho limenelo linali lolakwika.