Mapiri a ku Tanzania avala, athu tawavula

Mwezi watha ndinaperekeza alamu anga ku Dar es Salaam kukatenga galimoto padoko, ndipo chimene chatsalira mumtima mwanga chibwerere si galimotoyo ayi, koma mapiri. Aliyense amene anadutsapo pa Songwe akudziwa kuti munthu ukangodinditsa pasipoti pa Kasumulu, msewu umayamba kukwera kuchoka m'chigwa chotentha cha Kyela kulunjika ku Tukuyu. Ife tinafika pachikweza chimenecho dzuwa likutuluka, nkhungu ikuyalula, ndipo ndinangoti kukamwa yasa. Chitunda chilichonse chinali chobiriwira kuyambira patsinde mpaka pansonga: nthochi zafika pakhomo penipeni pa nyumba, minda ya tiyi yatsetsereka ndi mtunda, mitengo ya mapeyala yazinga mabwalo, timitsinje tikuyenda madzi oyera oti munthu n'kuwerenga miyala ya pansi. Pamwamba pa zonsezi panaima phiri la Rungwe, nkhalango yake ili bii ngati sinaonepo nkhwangwa.

Alamu anga, amene msewuwu anauzolowera, ataona kuti ndakakamira pawindo la basi anandiseka nati, "Alamu, mwayamba kale kudabwa? Apatu tangolowa pakhomo." Sananame. Dziko la Tanzania ndi lalikulu pafupifupi kasanu ndi katatu kuyerekeza ndi lathu, ndipo mapiri ake sanaunjikane malo amodzi. Kuno kummwera kuli Rungwe, Poroto ndi mapiri a Mbeya, ndiponso mtandadza wa Kipengere, umene mbali yake ina ndi mapiri a Livingstone aja timawaona tili ku Karonga, atatsakamira m'mphepete mwa nyanja yathu kutsidya. Pamwamba pa mtandadza umenewu pali Kitulo, malo amene boma lawo linawateteza makamaka chifukwa cha maluwa akutchire. Mukapitirira Iringa, msewu umatsika chokhotakhota pa Kitonga, pamene madalaivala a mathiraki amatsika mtima uli m'mwamba, mapiri a Udzungwa ali kudzanja lamanja. Kenaka mumafika ku Morogoro, tauni yokhala patsinde pa Uluguru. M'mapiri a Uluguru ndi mmene mumachokera mtsinje wa Ruvu, umene anthu a mu Dar es Salaam amamwa. Kumpoto, kumene ife sitinafike, kuli Usambara, Pare, Meru ndi Kilimanjaro, lotalika mamita 5,895, limene palibe lina mu Africa yense lolipambana.

Tsono chimene chinandibaya ndi ichi. Titabwerako, m'mawa mwake ndinadzuka mbandakucha kupita ku Likuni, ndipo msewu wonse ndinakumana ndi mdipiti wa njinga, iliyonse itasenza matumba a makala osanjikiza mpaka wokankha osaoneka mutu. Makala amenewo tonse tikudziwa kumene amachokera. Dzalanyama kwa ife a mu Lilongwe ali monga Uluguru kwa anthu a mu Dar es Salaam, pakuti mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri amenewa, n'kudzadza madamu a ku Malingunde amene madzi ake amafika m'mipopi yathu. Koma ife chitsime chathu chomwecho tikuchiotcha thumba ndi thumba, mpaka zinafika poti asilikali atumizidwe kukalondera mitengo ngati kuti m'nkhalangomo mwabuka nkhondo. Anzathu amayang'ana phiri n'kuona madzi, nthochi ndi ndalama za alendo; ife timaliyang'ana n'kuwerenga matumba.

Za ku Blantyre n'zochititsa manyazi kuzitchula. Ndirande anametedwa mpala kalekale, Soche naye nyumba zinamukwera mpaka m'khosi, ndipo zimene zinachitika ku Chilobwe m'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala, palibe amene waziiwala. Makolo athu zoterezi ankati wadutsa Napolo, monga anatero ku Phalombe mu 1991, koma ine ndikuona kuti Napolo wa masiku ano timamulambulira njira ndife tomwe ndi nkhwangwa.

Komabe ndisakhale ngati mlendo amene wadya tsiku limodzi n'kuyamba kunyoza nsima ya kwawo. Kubiriwira kwa Tukuyu sikuti konse ndi nzeru za anthu. Rungwe ndi phiri limene kale linkaphulika moto, kotero dothi lake ndi lachonde chosaneneka, ndipo mphepo yonyowa yochokera kunyanja ikagunda mapiriwo imagwetsa mvula yochuluka kuposa imene Lilongwe amalandira. Malo otere ngakhale waulesi angakolole nthochi. Ndiponso makala anzathuwa amaotcha ndithu, pakuti matumba ndinawaona ndi maso anga atandandalikidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Dar es Salaam, ndipo m'munsi mwa Uluguru minda yakwera phiri monga zimachitikira kwathu. Kusiyana kumene ndinaona n'kwakuti kwawo mundawo umakhala ndi malire, pamwamba pake nkhalango n'kutsala, pamene kwathu khasu ndi nkhwangwa zimaima pokhapokha zikakumana ndi thanthwe.

Pa kukongola ndiye sindigonja, ndipo apa ndilankhule mosabisa kuti ndine Mmalawi. Rungwe yense uja safika mamita 3,000, pamene Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndipo Mulanje sachita kukwera pang'onopang'ono ngati chulu. Amangodzuka mwadzidzidzi pakati pa minda ya tiyi, matanthwe a Chambe ali chiriri. Ku Zambia, ku Mozambique ngakhale ku Zimbabwe kulibe nsonga yofika pamenepo. Anzathu a ku Zambia phiri lawo lodalirika ndi Mafinga, limene timagawana nawo pamalire ku Chitipa, ndipo Namuli wa ku Mozambique, ngakhale amafanana ndi Mulanje pa maonekedwe, ndi mng'ono wake chabe. Tikaonjezapo Nyika, Viphya, Zomba ndi Dedza, kadziko kathu kakang'onoka kanalandira mapiri opitirira msinkhu wake.

N'chifukwa chake zimandipweteka kwambiri. Pa Kilimanjaro munthu saloledwa kukwera popanda womutsogolera wovomerezeka, mlendo aliyense amalipira ndalama zolowera, ndipo anyamata ambirimbiri a ku Moshi amadyetsa mabanja awo ponyamula katundu wa alendo. Ku Likhubula, patsinde pa Mulanje, nakonso anyamata otere alipo, odziwa njira iliyonse ya m'phirimo, koma ambiri amatha masiku akudikira mlendo. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ndipo tinaomba m'manja, chonsecho mkungudza wa pa Mulanje, mtengo umene timati ndi wa fuko lathu ndipo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, tinaucheka matabwa mpaka mitengo ikuluikulu inatha. Ngakhale pafupi pompano, ndi angati mwa ife okhala mu Lilongwe amene anakwerapo Nkhoma kapena Ngala? Phiri la Bunda lokha ndiye limaona anthu, ndipo ambiri mwa iwo amapitako kukapemphera.

Tsiku lomwelo lopita ku Likuni, madzulo magetsi atazima, inenso ndinaima pamsewu kugula thumba la makala, pakuti ana sangagone ndi njala chifukwa choti bambo awo anaona Tukuyu. Ndikuwerenga ndalama ndinadandaula kuti mtengo wakwera, ndipo bambo wogulitsayo, thukuta lili kamukamu, anandiyankha mwaulemu kuti, "Bwana, musaone ngati tikukuberani. Mitengo yapafupi inatha, masiku ano tikuchita kulowa mpaka kumalire a Mozambique."