Namwino akamenyedwa ndi dokotala, mlandu umathera mu ofesi

Papita miyezi ndikuzengereza kulemba izi, koma lero ndalimba mtima. Dzina la chipatala sinditchula, ndipo musandifunse ku inbox. Ingodziwani kuti n'kuno ku Dedza konkuno.

Mwezi wa Juni mayi anga anagonekedwa ndi chibayo, ine ndiye ndinali gadiyani. Amene mumaidziwa Dedza mukudziwa mmene kumazizirira nthawi imeneyo, simenti ya m'khonde imachita kuluma m'mafupa. Usiku umenewo wodi yonse inali m'manja mwa namwino mmodzi, mtsikana woti sanafike n'zaka 30 zomwe. Cha m'ma 1 koloko agogo ena a pabedi loyandikana ndi la mayi anayamba kubanika. Anesi aja anaimbira foni adokotala amene anali pa kolo. Anaimba katatu, ine ndikumva. Bamboyo atafika, nkhope ili gwa, analemba mankhwala m'fayilo, ndipo anesi anati mwaulemu, "Adokotala, amenewa ku famase anatha, komanso agogowa abayidwa kale ena madzulo." Sanawonjezepo kanthu. Fayilo ija inaponyedwa kumaso kwawo, kenako mbama, phaa! Anadzandira n'kukagunda thirole, mabotolo a diripi n'kugwa pansi. "Unaphunzira kuti iwe zondiuza ine?"

Tonse tinaona. Azimayi a m'wodi anangofunditsa nkhope m'zitenje. Inenso, ndivomere, ndinangoti chete ngati ndamwa phala lamoto, poopa kuti mawa mayi anga adzawonedwa ndi munthu yemweyo. Mtsikana uja anatola mabotolo, anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi, n'kupitiriza ntchito mpaka kunacha.

Patapita masabata angapo ndinakumana naye pa siteji ya minibasi, atanyamula katundu. Anandizindikira. Anati anaitanidwa mu ofesi, akuluakulu anawauza awiriwo kuti akhululukirane "monga banja limodzi", ndipo posakhalitsa iye analandira kalata ya transifa kupita ku chipatala chaching'ono chakumudzi, komwe mvula ikagwa ambulansi siifika. Adokotala aja ali pomwepo. Nditamufunsa za kupolisi anaseka kuseka kopanda chimwemwe, amvekere, "Achimwene, zisiyeni, ndili ndi mwana wa sukulu."

Tsopano tiyeni titembenuze nkhaniyi. Tinene kuti namwinoyo ndiye anamenya dokotala mbama pamaso pa odwala. Kukanacha bwanji? Kalata yomuimitsa ntchito ikanalembedwa tiyi wa m'mawa asanazizire. Tikudziwa tonse mmene zimakhalira namwino akajambulidwa ali pa foni odwala ali pamzere: chithunzi chimazungulira pa WhatsApp kuchokera ku Lobi mpaka ku Mtakataka, pa Facebook anthu amatukwana mpaka makolo ake, ndipo unduna umalankhula msanga. Sindikuikira kumbuyo anamwino amwano, alipo ndithu. Mlongo wanga anakalipiridwa ku matenite ali pa ululu wobereka, mawu ake sindingawalembe pano. Wotero alangidwe. Funso langa ndi lakuti, chikwapu chomwechi chimathyoka bwanji chikafika pa munthu wovala khoti loyera?

Chodabwitsa n'chakuti malamulo alipo. Kumenya munthu ndi mlandu wa kupolisi, kaya wamenyayo ali ndi digiri zingati. Madokotala ndi ma clinical officer, amene kumudzi kuno onse timangowatcha adokotala, amalembetsedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi, lomwe lili ndi mphamvu yowalanga ngakhale kuwalanda chiphaso. Anamwino ali ndi lawo, Nurses and Midwives Council of Malawi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuzunza munthu pomufuna zachisembwere pa ntchito, ndipo nkhanza za mtundu umenewo n'zimene anamwino achitsikana, makamaka ophunzira amene abwera kudzachita pulakitiko, amangonong'onezana okhaokha. M'zipatala za boma munaikidwanso a ombudsman olandira madandaulo. Papepala zonse zili bwino.

Koma taganizani njira imene namwino womenyedwa ayenera kuyenda. Akapita kupolisi, amupatsa kalata yoti akapimidwe kuchipatala kuti pakhale umboni. Wopima n'kulemba lipotilo ndani? Mnzake wa womenya uja, amene amadyera limodzi nkhomaliro. Akadandaula kwa metroni, metroniyo amakatula nkhani kwa mkulu wa zaumoyo m'boma, amene kawirikawiri amakhala dokotala. Mboni zake ndi ife magadiyani amantha, ndi anamwino anzake amene akudikira kuti mayina awo alowe pa lokamu (ntchito ya maola owonjezera yolipidwa padera) kapena pa mndandanda wa kusemina. Aliyense ali ndi kena kake koti ataye. Ndiye nkhani imafera pa mpando wa mu ofesi, ndi pemphero lotsekera.

Chifukwa chimene amapereka mwakachetechete n'chakuti madokotala ndi ochepa, ukamuthamangitsa mmodzi fiyeta itsekedwa. N'zoona ndi ochepa. Dziko lino linayamba kuphunzitsa lokha madokotala mu 1991 pamene College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre, ndipo ambiri amathera m'mizinda kapena kunja. Koma kodi anamwino ndiye ochuluka? Akanakhala ochuluka, bwenzi mtsikana mmodzi akugwira wodi yonse usiku? Kuchepa kwa dokotala kwasanduka chishango chake, pomwe kuchepa kwa namwino kwangosanduka katundu pamutu pake.

Palinso kaleredwe kathu. Tinakula tikumva kuti wamkulu sawuzidwa, ndipo m'zipatala zambiri dokotala ndi bambo, namwino ndi mayi. Zimene timalekerera m'nyumba tazisamutsira m'wodi. Chikhalirecho mu 2021 sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine zinaphatikizidwa kukhala yunivesite imodzi, KUHeS. Ana ophunzira denga limodzi, wina akatuluka azikamenya mnzake?

Amene mukuti izi n'za anthu a m'chipatala okhaokha, ganizani za agogo aja. Namwino anayankhula chifukwa anaona kuti mankhwala awonjezeka. Imeneyo ndiyo ntchito yake, kukhala diso lachiwiri. Dokotala amabwera mphindi khumi n'kupita, namwino ndiye amaona kuti mpweya wasintha, kuti magazi sakusiya, kuti mwana wasiya kuyamwa. Womenyedwa kamodzi, ulendo wina akaona cholakwika m'fayilo adzangokhala chete. Usiku wodwala akabanika adzayang'ana foni kawiri asanaimbe, n'kunena kuti tidikire kuche. Pabedipo padzakhala mayi anu, kapena inuyo.

A bungwe la anamwino la NONM, timakumvani mukamalankhula za malipiro ndi za anamwino osalembedwa ntchito, ndipo mumachita bwino. Nkhani ngati iyi muziinyamulanso mpaka ku Medical Council ndi kukhoti, musamusiye mtsikana yekha pamaso pa mabwana asanu. Makomiti a zipatala m'madera mwathumu, mafumu ndi makhansala, muzifunsa chifukwa chake transifa imagwera wodandaula. Madokotala abwino, ndipo ndinu ambiri, mumawadziwa anzanu a manja opepukawa ndi mayina awo.

Ine mbali yanga ndachita mochedwa. Sabata yatha ndinalemba zonse zimene ndinaona, tsiku ndi ola, ndasayinira dzina langa, ndipo ndinamutumizira uthenga namwino uja kuti akafuna mboni ndilipo. Mpaka pano sanayankhe. Kumene anamutumizako netiweki imagwira pokhapokha ukakwera pachulu.