Inu onamiza a inshuwalansi, maofesi aja masiku ano amauzana

Ana anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Ndatopa kumva anthu akuluakulu, ena a mabanja awo, akudzitama kuti "tawadyera a inshuwalansi" ngati apha nyama kutchire. Wina galimoto yangokhulika pang'ono kumbuyo, wapangana ndi makaniko kuti papepala alembe kuti yaphwanyika mpaka kutsogolo. Wina foni wagulitsa yekha, m'mawa mwake ali kupolisi kukanena kuti yabedwa. Wina m'galimoto yochita ngoziyo sanakweremo n'komwe, koma walola kuti dzina lake lilembedwe pa ovulala chifukwa mnzake wamulonjeza kangachepe.

Mumati kampani ndi yolemera, siimva kuwawa. Kodi ndalamazo mukuyesa zimachokera kuti? Ndi zomwe anzanu amasonkha mwezi ndi mwezi kuti tsoka likagwera mmodzi, thumba la onse limudzutse. Mukaliboola thumbalo, kampani imakweza mtengo kwa aliyense. Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti mayi amene mwamuna wake wamwaliradi amayamba kupanikizidwa ndi mafunso ngati wakuba, n'kumadikira nthawi yaitali ana ali ndi njala, chifukwa ena anabwerapo ndi zikalata zabodza za imfa.

Kale kampani iliyonse inkasunga mafayilo ake m'kabati mwake, ndipo munthu ankatha kunamiza iyi lero, mawa n'kukanamiza ina ndi nkhani yomweyo. Ambiri a inu mukadali m'nthawi imeneyo m'maganizo. Oyang'anira makampani a inshuwalansi anazindikira kalekale kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1994 anakhazikitsa bungwe lawo la dziko lonse lapansi, International Association of Insurance Supervisors, lomwe likulu lake lili ku Basel m'dziko la Switzerland. Pa mfundo zake zikuluzikulu, ya nambala 21 ndi yolimbana ndi chinyengo. Imati woyang'anira aonetsetse kuti makampani ndi maejenti ali ndi njira zopewera chinyengo, zochitulukira ndi zokachinenera, ndiponso kuti iye mwini azigwira ntchito ndi apolisi, oimba milandu ndi oyang'anira anzake a m'mayiko ena. Kuyambira 2007 pali ngakhale pangano lomwe osainira amapatsirana nalo uthenga wachinsinsi kudutsa malire.

Ku America, komwe chigawo chilichonse chili ndi woyang'anira wakewake, onsewo amakumana m'bungwe la NAIC, ndipo ali ndi njira ya pa intaneti yomwe kampani kapena munthu wamba anganenere chinyengo, uthengawo n'kukafika ku chigawo choyenera. Ku Britain makampani anakhazikitsa bungwe lolimbana ndi chinyengo la Insurance Fraud Bureau mu 2006, ndipo mu 2012 apolisi a City of London anatsegula nthambi yongofufuza milandu imeneyi basi. Ku South Africa nako kuli bungwe lotere la Insurance Crime Bureau kuyambira 2008.

Tsono mvetsetsani mmene mabungwe amenewa amagwirira munthu, poti apa ndi pomwe mumagona tulo. Sadikira kuti wina aulule. Amaika pamodzi mapempho a makampani osiyanasiyana, kompyuta n'kuyamba kufananitsa. Nambala ya foni yomwe inaoneka pa ngozi ya mwezi watha yaonekanso pa ngozi ina ku kampani ina, dzina lokha ndilo lasintha. Akaunti imodzi ya kubanki yalandira chipukutamisozi cha anthu osadziwana. Mboni yomweyomweyo imapezeka pangozi iliyonse, ngati ngozizo zimaitsatira. Garaja imodzi, dokotala mmodzi, kalembedwe kamodzi. Nambala ya chasisi ya galimoto yomwe inalembedwa kuti yatheratu yatulukiranso pa inshuwalansi yatsopano. Ngakhale chithunzi chomwe mwajambula pafoni nthawi zambiri chimasunga tsiku lomwe chinajambulidwa, ndiye inu mukulumbira kuti ngozi yachitika dzulo, chithunzi chikunena za chaka chatha. Akangogwira ulusi umodzi, amaukoka mpaka onse olembedwa pamapepalawo atatuluka.

Ndipo otuluka poyamba ndi inu obwereketsa dzina. Wokonza chiwembu nthawi zambiri sasaina paliponse. Kumbukirani John Darwin wa ku England, amene mu 2002 ananamizira kuti wamira panyanja ndi kabwato kake. Mkazi wake Anne ndiye anakatenga ndalama za inshuwalansi ya moyo, akunamiza ngakhale ana awo aamuna awiri kuti bambo awo anafa. Mu 2007 bamboyo anatulukira kupolisi ku London akuti waiwala zonse, koma pa intaneti panapezeka chithunzi cha awiriwo ali limodzi ku Panama. Mu 2008 onse anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zoposa 6, ndipo chilango cha mayi uja, wosaina mapepala, chinaposa cha mwamuna wake ndi miyezi itatu.

Palinso kusasamala kwina komwe sikuoneka ngati kuba. Mumasaina fomu yopanda kanthu n'kumusiyira ejenti kuti "mudzalembe nokha". Akalembapo bodza, siginecha ndi yanu. Mumagula inshuwalansi kwa munthu wa pa Facebook kapena WhatsApp chifukwa watchipitsa, osafunsa ngati ali ndi chiphaso. Ena mwa amenewa amakupatsani pepala longopeka, ena amagula yeniyeni ndi mbiri yabodza, kenako n'kuithetsa mwakachetechete n'kutenga ndalama zobwezedwa. Mumadzazindikira tsiku la ngozi, munthu atavulala, kuti mulibe chilichonse.

Musanalipire, funsani ku ofesi yoyang'anira inshuwalansi m'dziko lanu ngati kampaniyo ndi ejentiyo ali m'kaundula, ndipo muimbire kampaniyo nokha kuti itsimikize nambala ya pepala lanu. Fomu muziwerenga mpaka pansi, ndipo kope lake lizitsala m'manja mwanu. Ngati alipo kale amene wakupemphani chiphaso chanu kapena akaunti yanu kuti "ndalama zingodutsamo", mukaneni lero lomwe, ndipo mukanene ku kampaniyo kapena kwa woyang'anira dzina lanu lisanalowe m'fayilo yake.